Mayina Amene Anatsalira Pansi pa Sikirini

Inu amene mwatopa ndi kuuzidwa kuti dzina lanu palibe, khalani pansi ndikuuzeni za Enelesi Makina wa kwa Nazombe. Sindikunamizani kuti nkhani yake ikuyamba bwino. Ikuyambira pabwalo la sukulu ina ku Phalombe, mu Novembala chaka cha 2005, dzuwa likuswa mtengo, anthu ali mbwee ndi matumba opanda kanthu m'manja.

Chinali chaka cha njala. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pofika Novembala anthu anali atamaliza makaka, atamaliza kalongonda, ena akuphika mango osakhwima. Bungwe lina lothandiza anthu, dzina lake tilisiye, linkagawa chimanga mwezi ndi mwezi. Kalaliki wa bungwelo, a Dyson, ankakhala patebulo pansi pa mtengo n'kumaitana mayina kuchokera papepala. Woitanidwa ankadzuka, kudinda chala, kusenza thumba lake.

Enelesi sanali woitana mayina, sanalinso wogawa. Iye anali wosesa mu ofesi ya bungwelo ku Boma, ndipo tsiku logawa ankamutenga kuti azitolera chimanga chotayikira pansi. Tsiku limenelo tsache linali m'manja, koma maso ake anali kumbuyo kwa khamu. Kumeneko kunakhala mayi ake aakulu, a Belita, atatambasula mwendo wawo wopuwala, ndodo ili pambali.

A Dyson anaitana dzina la nambala 500, n'kupinda pepala.

"Basi, mayina atha."

A Belita anadzuka. Kuchokera kumene anakhala kukafika patebulo sipanali patali, koma kwa iwo unali ulendo. Anthu anawapatsa njira.

"Bambo, ine ndinalembetsa," anatero a Belita. "Munandilemba ndi dzanja lanu lomweli."

"Mayi, mwezi wathanso ndinakuuzani," anayankha a Dyson osakweza n'komwe mutu. "Pa kompyuta mulibe. Kompyuta sinama."

Munthu wina m'khamumo, thumba lake lili kale paphewa, anaponya mawu. "Awa ndi aja amangodutsa malire akamva fungo la chimanga." Ena anaseka. Taganizani, a Belita amene mchombo wawo unakwiriridwa kwa Nazombe komweko, lero atchedwe mlendo wabodza pamaso pa ana amene anawaona akubadwa.

A Belita sanalire. Anapinda thumba lawo kanayi, n'kulipanira m'khwapa, n'kutembenuka. Enelesi anawerama ngati akusesa kuti anthu asaone nkhope yake. Manyazi anamugwira, koma mkwiyo unaposa manyaziwo.

Kuti mumvetse mkwiyo umenewu, muyenera kudziwa kumene mtsikanayu anachokera. Napolo wa mu 1991 atatsika m'phiri la Michesi, anatenga bambo ake ndi mayi ake tsiku limodzi. Enelesi anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Achibale amiyendo yabwinobwino anabwera pamaliro, analira, n'kubwerera kwawo. Amene anamugwira dzanja n'kupita naye kwa Nazombe ndi a Belita, ndi mwendo womwewo, ndi ndodo yomweyo. Anamulera ndi ganyu wopalira ndi nandolo wa pamunda wawo waung'ono. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kusukulu zinthu sizinamuyendere. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri, ndipo kawiri konse masamu anamugwetsa. Pamudzi anthu sanachedwe kugamula mlandu. "Thukuta lonse lija a Belita anangolitayira m'madzi. Mwanayu akwatiwe basi." Enelesi sanakwatiwe. Anapita ku Boma, n'kukapeza tsache.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi, ndipo a Dyson ankaisamala kuposa mwana wobadwa kumene. Ankaifunditsa nsalu, ndipo anamuuza Enelesi tsiku loyamba lomwe kuti fumbi azipukuta mozungulira, chinthucho asachikhudze. Pulogalamu yosungira mayina a olandira chimanga analemba ndi mnyamata wina wa ku Blantyre, amene anakhala mlungu umodzi, n'kupita, kenako n'kumveka kuti ali ku Joni. Anasiya zida zake zonse zolembera pulogalamu mu kompyutamo. Anasiyanso buku lalikulu lachingerezi lophunzitsa ntchito imeneyi, ndipo a Dyson analiona kuti ndi loyenera kuchirikizira mwendo waufupi wa tebulo.

Tsiku lina akusesa, Enelesi anasolola bukulo n'kuikapo njerwa. Palibe anazindikira.

Kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro inakhala sukulu yake. A Dyson ankapita kumsika kukadya tchipisi, ndipo kompyuta ankaisiya yoyaka chifukwa ikazimitsidwa inkachedwa kudzuka. Enelesi ankakhala pampando wawo, buku pamiyendo, dikishonale yake yakale ya kusukulu pambali. Tsamba limodzi linkamutengera masiku atatu. Nthawi zina magetsi ankathima iye atangokhala pansi, ndiye ankangolemba m'kope zimene akanalemba pa kompyuta. Patatha miyezi isanu ndi itatu anapanga kabatani kake koyamba, koti ukakadina pasikirini pankatuluka mawu akuti "Enelesi alipo". Anaseka yekha, n'kukafufuta a Dyson asanabwere.

Ndiye musaganize kuti tsiku lija pabwalo la sukulu panali wosesa wamba. Panali munthu amene ankadziwa kuti kompyuta imachita zokhazo zimene munthu waiuza.

Anthu atabalalika, Enelesi anayang'ana amene anabwezedwa. Panali bambo wina wosaona ndi mdzukulu womutsogolera. Panali mayi wa mapasa. Panali nkhalamba zingapo, ndi odwala amene anabwera atawanyamula panjinga. Anakumbukira tsiku la kalembera. Uthenga utamveka, amiyendo anathamanga n'kukhala kutsogolo kwa mzere. Oyenda ndi ndodo anafika dzuwa litapendeka, ndipo mafomu awo anakhala pansi pa mulu. A Dyson polowetsa mayina mu kompyuta anatsata mulu womwewo, kuyambira pamwamba.

Ali m'galimoto pobwerera ku Boma, Enelesi analimba mtima.

"A Dyson, anthu aja munawalowetsa onse?"

"Onse. Palibe fomu imene ndinaidumpha."

"Nanga apita kuti?"

"Kompyuta imasefa. Mnyamata uja ananena kuti chinthuchi chizitithandiza kusefa. Amene sakuoneka ndiye kuti asefedwa. Iwe za tsache zakukwana, izi zisiyire eni ake."

A Dyson sanali munthu woipa, ndipo sanabe ngakhale njere imodzi. Vuto lawo linali loti ankaopa kompyuta, ndipo chimene munthu ukuchiopa suchifunsa mafunso. Pulinta ya ofesiyo inali itafa kalekale, choncho mwezi uliwonse ankakopera mayina pamanja kuchokera pasikirini. Akafika pamene mndandanda waima, ankatseka cholembera.

Koma Enelesi funso silinamuchoke m'mutu. Ndi sefa wanji amene amasunga olimba n'kutaya opuwala?

Lolemba masana, a Dyson atangotuluka, anakoka katoni ya mafomu n'kuwawerenga limodzilimodzi. Anakwana 563. Fomu yotsiriza, pansi penipeni, inali ndi chidindo cha chala chimene ankachidziwa, cha a Belita. Kenako anakhala pa kompyuta.

Pano ndikufotokozereni kanthu kamene nkhani yonseyi yagona. Pasikirini pankaoneka mayina makumi awiri okha nthawi imodzi. Kuti uone ena akumunsi, m'mphepete kumanja munali kanjira kowongoka kochokera pamwamba kufika pansi, ndipo m'kanjiramo munali kabokosi kamene umakoka ndi mausi. Ukakakokera pansi, mayina amakwera, ena n'kutulukira. A makompyuta amakatcha sikirolo baa. Enelesi ankangoti kachingwe, chifukwa kankamukumbutsa chitsime cha kwa a Belita. Mu Okutobala madzi amatsika, ndowa n'kumalendewera m'malere. Mlendo amati chitsime chauma. Mwini mudzi amadziwa kuti chafupika ndi chingwe.

Anakoka kabokosi mpaka pansi. Mndandanda unaima pa 500, ndendende pamene a Dyson ankapindira pepala.

Anatsegula kuseri kwa pulogalamu, kumene amalemberako malamulo ake, n'kudina pa kachingweko. Panatuluka zoikika zake, ndipo zinayi mwa izo ankazidziwa kuchokera m'buku. Poyambira panalembedwa 0. Sitepe yaing'ono, ya munthu akadina kamuvi, inali 1. Sitepe yaikulu, ya munthu akadina m'kanjira, inali 20. Pothera, pamene pachingerezi panalembedwa kuti Max, panali 480.

Nambala imeneyi inamuzunguza. Bwanji 480, pomwe mayina akuima pa 500? Nthawi inali kutha. Anati chingwe chikafupika umangochitalikitsa basi. Anafufuta 480, n'kulemba 1000. Anayendetsa pulogalamu, n'kukoka kabokosi mwaphuma kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Kompyuta inalira kuti ding'. Pakati pa sikirini panatuluka uthenga wa cholakwika, mayina onse n'kuzimiririka. Anali ataituma kukatenga dzina la nambala 1000, kumene kunalibe munthu.

Chitseko chinatseguka. A Dyson analowa ndi kajumbo ka tchipisi m'manja.

Zimene analankhula sindingazibwereze zonse. Anati wapha kompyuta ya bungwe. Anati mayina a anthu 500 apita chifukwa cha mtsikana wolephera masamu. Enelesi anabwezeretsa 480 iwo akuona, pulogalamu n'kudzuka ngati kale, koma zimenezo zinangowonjezera moto, chifukwa zinaonetsa kuti sikanali koyamba kukhala pampandopo.

"Siya tsachelo pamenepo," anatero a Dyson. "Madamu, mkulu wa ofesi ino, akabwera kuchokera ku Blantyre ndikawauza. Usadzapondenso pano."

"Mayina aja alimo, a Dyson. Mafomu ndi 563."

"Tuluka."

Akutuluka anadutsa pa nyumba yosungiramo katundu. Munali matumba amene anatsala pogawa, ndipo pachitseko panamatidwa pepala lonena kuti Lachisanu lole idzawatenga kupita nawo kudera lina, poti kuno onse oyenera analandira. Chimanga cha a Belita chinali m'menemo, ndipo chinatsala ndi masiku anayi.

Enelesi anakulunga buku lija m'chitenje n'kuuyamba wapansi. A kabaza ankamuimbira belu, iye osacheuka. Anafika kwa Nazombe miyendo itatupa, n'kupeza a Belita pakhonde akusenda mango aawisi oti aphike. Anawafotokozera zonse, ndipo pomaliza misozi inamugonjetsa. Ntchito inali yochepa, inde, koma ndi imene inkagula mchere ndi sopo pakhomopo.

A Belita anamusiya alire. Kenako anaika mpeni pansi.

"Chinthu cha eni wawononga?"

"Ayi, amayi."

"Dzina langa waliona m'menemo?"

"Sindinalione. Koma lilimo."

"Ukudziwa kapena ukuganiza?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukulira chiyani? Ine anditcha wabodza pagulu, sindinafe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanangu. Palibe adzachokere ku Joni kudzatitsegulira."

M'mawa mwake Enelesi anafukula kope lake lakale la masamu, lija lodzaza mitanda yofiira, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Kompyuta analibe, ndiye anaipanga. Analemba manambala kuyambira 1 mpaka 30 motsika papepala. Anatenga chibenthu cha katoni, n'kuboolapo windo loonetsa mizere isanu yokha. Anaika katoniyo pamwamba pa pepala n'kuyamba kuitsitsa mzere umodziumodzi, akuwerenga masitepe.

Nambala 30 inaonekera pawindo atayenda masitepe 25. Akapitirira apo, windo linkayamba kuonetsa pepala loyera.

Anabwereza. Anabwerezanso ndi windo la mizere khumi, ndipo masitepe anakhala 20. Anamenya kope ndi chikhatho. Pothera si chiwerengero cha mayina ayi. Ndi mayina onse kuchotsapo amene akuoneka kale pawindo. Mnyamata wa ku Blantyre uja anauzidwa kuti anthu adzakhala 500, anachotsapo 20, n'kukhomerera 480 ngati msomali. Anthu atachuluka, chingwe chinakhala chomwecho. Panalibe sefa, panalibe nzeru zakuya. Panali munthu amene anathamangira basi ya ku Blantyre.

Analemba 563, kuchotsa 20, n'kupeza 543. Mtsikana amene masamu anamugwetsa kawiri anayang'ana yankho lakelo, ndipo panalibe mphunzitsi woti aikepo mtanda.

Koma Lachitatu anadzuka ndi nkhawa ina. Akangolemba 543, ndiye kuti wachita zomwe anachita mnyamata uja. Mwezi wamawa kukabwera nkhalamba ina mochedwa, idzagweranso pansi pa sikirini. Anatsegula buku, kufufuza mpaka anapeza mmene pulogalamu ingawerengere yokha mayina amene ili nawo. Pofika madzulo anali ndi mzere umodzi wokha wa lamulo, wouza kachingwe kuti nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegulidwa kapena dzina likawonjezedwa, pothera pake pazikhala mayina onse kuchotsa makumi awiri. Anaulemba m'kope, n'kuuloweza ngati vesi la Sande sukulu.

Lachinayi anafika pa ofesi tambala atangotsika, n'kukhala pa sitepe ya khomo. A Dyson atafika anaima chilili.

"Ndinati chiyani iwe?"

"Munati ndisapondenso mu ofesi. Pano ndi panja."

Anakhala pomwepo. Dzuwa linakwera, mthunzi unathawa pa sitepe, iye osasuntha. Cha m'ma 11 koloko galimoto ya bungwe inaima, n'kutsikamo mayi Hilda, mkulu wa ofesiyo. Anali mayi wosakonda zocheza, ndipo nkhani anali ataimva kale pafoni.

"Enelesi, wandikhumudwitsa," anatero mayi Hilda. "Ukudziwa kuti chinthu chija chikanafa, anthu 500 akanagona ndi njala?"

"Madamu, anthu 63 akugona nayo kale. Miyezi iwiri tsopano."

"A Dyson akuti anasefedwa."

"Sanasefedwe. Ali mu kompyutamo, kungoti kokokera kaja sikafika pamene ali. Ndipatseni mphindi khumi. Ndikanama, musavutike ndi kuitana apolisi, ndikapita ndekha."

A Dyson anaseka mwa mphuno. "Madamu, uyu Fomu 4 inamukana kawiri."

"Inandikanadi," anayankha Enelesi, akuwayang'ana m'maso. "Koma mafomu ndawerenga, ndipo ndi 563. Inu munawawerengapo?"

Mayi Hilda anayang'ana a Dyson, n'kuyang'ana pepala lija la lole pachitseko cha nyumba ya katundu. Kenako anakankha chitseko cha ofesi.

"Mphindi khumi. Ndiima kumbuyo kwako."

Aka kanali koyamba Enelesi kukhala pampando uja anthu akuona. Mantha anali nawo ndithu, tisamunamizire. Anayamba wakopera pulogalamu yonse pamalo ena, kuti zikavuta pakhale pobwerera. Phunziro la Lolemba linali litamulowa. Kenako anatsegula kuseri kuja, n'kulemba mzere wake, chilembo chimodzichimodzi, osayang'ana n'komwe m'kope. Anayendetsa pulogalamu. Mayina makumi awiri oyamba anaonekera monga mwa masiku onse.

Anadzuka pampando.

"A Dyson, kokani ndinu. Ndikakoka ine, muti ndachita matsenga."

A Dyson anakhala pansi monyinyirika, n'kugwira mausi. Anakoka pang'onopang'ono. Mayina ankakwera: 200, 350, 480. Pa 500 dzanja lawo linaima lokha, chifukwa linazolowera kuimira pamenepo. Koma pansi pa kabokosi panali patatsala kampata.

"Pitirizani," anatero mayi Hilda.

Anakokanso. Panatuluka 501, dzina la bambo wosaona uja. Panatuluka 502, 503. Mayina ankangotumphuka, onse olembedwa ndi zala za a Dyson omwewo. Kabokosi kanakagunda pansi, ndipo mzere wotsiriza unali 563, Belita Makina, Nazombe.

A Dyson anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mayi aja ndinawabweza kawiri," anatero motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti kompyuta sinama."

"Siinaname," anatero Enelesi. "Sitinaifunse mpaka pansi."

Mayi Hilda sanali munthu wotengeka msanga. "Nanga mawa tikalemba munthu wina, tidzakufunanso kuti udzasinthe?"

"Ayi, madamu. Lembani dzina lililonse muone."

A Dyson analowetsa dzina longoyesera. Atabwerera pamndandanda n'kukoka, linali pomwepo pa 564. Analifufuta, mndandanda n'kubwerera pa 563. Mayi Hilda anatuluka, n'kukang'amba pepala lija pachitseko cha nyumba ya katundu. Atabwerera anafunsa funso limodzi lokha.

"Zimenezi unaphunzira kuti?"

Enelesi analoza pansi pa tebulo, pamene panali njerwa.

Za m'tsogolo ndikuuzeni mwachidule, chifukwa mtima wa nkhaniyi suli kumeneko. Tsache sanaligwirenso. Anamuika kuti azithandizana ndi a Dyson pa kompyuta, ndipo a Dyson, ulemu wawo, anafika pomamufunsa kuti awaphunzitse. Chaka chotsatira analembanso mayeso kachitatu, masamu n'kukhoza. Anakaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo pofika kumapeto kwa zaka zimenezo ankalemba yekha mapulogalamu osungira mayina m'masukulu ndi m'mabungwe. Amene anagwira naye ntchito amati ali ndi khalidwe limodzi losasintha. Ukamuonetsa pulogalamu yako, sayamba wayamikira mitundu kapena mabatani. Amagwira mausi, n'kukokera kabokosi pansi penipeni, n'kufunsa kuti, "Womaliza ndi ameneyudi?"

Koma tibwerere ku Loweruka la mlungu womwe uja. Lole imene inkayenera kupita kudera lina inakhotera kwa Nazombe. Uthenga unali utayenda m'midzi, ndipo pabwalo la sukulu panadzaza, obwezedwa aja pamodzi ndi ongobwera kudzaonerera. Amene anaseka tsiku lija analiponso. A Dyson anakhala patebulo lawo ndi pepala latsopano, Enelesi ataima pambali pawo.

Asanayambe, Enelesi anawerama n'kuwanong'oneza. A Dyson anamuyang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kutembenuza pepala.

"Lero tiyambira pansi," analengeza. "Belita Makina."

Kumbuyo kwa khamu a Belita anakhalabe phee, mwendo uli chitambasulire. Anthu anayamba kucheuka. Mayi wina anawagwedeza paphewa, poganiza kuti sanamve.

"Ndamva," anatero a Belita. "Koma abwereze. Tsiku lija ananditcha wabodza mokweza, ndiye dzina langanso alitchule mokweza."

A Dyson anaimirira. Anachotsa chipewa, n'kukweza mawu mpaka anamveka kuseri kwa makalasi.

"Mayi Belita Makina, a kwa Nazombe."

Apo a Belita anagwira ndodo yawo n'kudzuka. Anatulutsa thumba lija m'khwapa, n'kulifunyulula, n'kuyamba ulendo wawo wopita patebulo, osafulumira ngakhale pang'ono. Palibe anaseka. Enelesi anawadikira ndi inki yodindira m'manja, misozi ikutsika, ndipo ulendo uno sanawerame kuti aibise.

Tsono inu amene mukuwerenga, sindikudziwa kuti anakubwezani pakhomo liti. Mwina ndi mayeso, mwina ndi ntchito, mwina ndi munthu wa patebulo amene anakuuzani kuti mulibemo osakweza n'komwe mutu. Musavomere msanga. Wonena kuti mayina atha nthawi zambiri amangotanthauza pamene dzanja lake lazolowera kuimira. Funsani, werengani nokha, solorani buku pansi pa tebulo ngakhale akusekeni. Mukalakwitsa Lolemba, bwererani Lachinayi.

Chitsime chanu sichinaume, chafupika ndi chingwe. Lumikizani chingwecho, ndipo mtima wokhawo musautaye.